Njerwa za ku Denmark

Mu 2022 akatswiri a maphunziro ndi zaumoyo a m'mayiko ambiri, m'gulu lotchedwa PLaTO-Net, adasindikiza mawu amene adagwirizana matanthauzo ake pa nkhani ya kusewera, kuphunzira ndi kuphunzitsa panja. Chifukwa chake n'chomveka: ofufuza awiri akatchula liwu limodzi koma aliyense akuganiza zake, zimene apeza sizingayerekezedwe. Koma liwu lisanayende dziko lonse liyenera kudutsa kaye pakhonde la kumudzi. Limbani, amene wangomaliza za uphunzitsi m'tauni, adalipititsa kumeneko agogo ake akutong'ola chimanga.

Limbani: Agogo, nkhani yake ndi iyi. Ku Denmark ali ndi liwu loti udeskole, kutanthauza sukulu ya panja. Tsiku limodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, mphunzitsi amatulutsa ana n'kukawaphunzitsa masamu kapena sayansi m'nkhalango kapena m'mbali mwa nyanja. Ku Norway ali ndi friluftsliv, moyo wokonda kukhala panja. Ku Britain ali ndi sukulu za m'nkhalango zimene adatengera ku Denmark. Zonsezi zimafanana koma si chinthu chimodzi, n'chifukwa chake pakufunika mawu amodzi.

Agogo: Kalanga ine, amuna anga! Ndiye kuti ku Denimaki nakonso mavuto? Ine ndimayesa azungu adamaliza kumanga. Ana mpaka kukakhala m'thengo, afumu awo ali phee? Uwalembere kalata. Uwauze kuti kuno tidaumba njerwa za buloko ya sitandade 3, zinazo zidatsala kuseri kwa tchalitchi. Atumize ngolo.

Limbani: Makalasi ali nawo, agogo, abwino kwambiri, ofunda nthawi yozizira. Amatuluka mwadala.

Agogo: Mwadala? Munthu ali ndi denga, n'kutenga ana a eni ake kukawayanika panja ngati mfutso? Ameneyo safuna njerwa, akufuna sing'anga. Ine chaka cha 1994 ndidachiona ndi maso angawa, sukulu itakhala yaulere. Ana adachita kusefukira, amayi ako aang'ono adalowa sitandade 1 pansi pa mkuyu, bolodi atalikhomera pa thunthu. Mvula ikangoti wa, sukulu yaweruka. Mbuzi zidaphunzira nawo a e i o u, ina idadya buku la kalembera. Palibe adabwera kudzatiuza kuti tikuchita udesikole. Tikadadziwa kuti ndi zachizungu, bwenzi tikulipiritsa odzaonerera.

Limbani: Pamenepo ndiye mwandiyankhira. Chaka chimenecho ana a pulayimale adakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi osakwana. Mwana wa pansi pa mkuyu ndi mwana wa ku Denmark onse tikawalemba kuti akuphunzira panja, wowerenga lipoti adzaganiza kuti ife tidatsogola. Liwu likhale losiyanitsa wotuluka mofuna ndi wosowa kolowa.

Agogo: Ndiye ukufuna digiri kuti udziwe kuti wosala kudya ndi wogona ndi njala ndi anthu awiri? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo za mkuyu umenewo zinkaluma ana m'makabudula.

Apa agogo adaoneka ngati apambana, ndipo ambiri otsutsa ntchitoyi amaimira pomwepa: zinthu zodziwika kale, kuzipatsiranji mayina? Koma chimene chikudziwika pakhonde sichidziwika pa tebulo logawira ndalama, pamene amawerenga mawu olembedwa okha. Limbani adayesa khomo lina.

Limbani: Palinso kusewera kokhala ndi chiopsezo. Mayi wina wofufuza wa ku Norway, Ellen Sandseter, mu 2007 adakugawa m'magulu 6: kukwera pamwamba, liwiro, zida zoopsa, malo oopsa ngati madzi ndi moto, kulimbana, ndi kupita kutali kosaonedwa ndi akuluakulu. Kumeneko akuda nkhawa kuti ana akutetezedwa mopitirira.

Agogo: Mayiyo adakumana ndi malume ako liti? Zonse 6 adazichita Lachiwiri limodzi. Adakwera mango, nagwa, nathamangitsidwa ndi mwini mtengo, nadzitema ndi chikwanje, nagwera m'dambo, namenyana ndi anzake koweta ng'ombe, nasowa mpaka usiku. Gulu la 7 mayiyo adaliiwala, ndilo mkwapulo wa agogo ako aamuna. Koma tandiuza, m'buku lakolo muli masanje?

Limbani: Masanje tingawaike m'gulu la masewera oyerekezera moyo wa akuluakulu.

Agogo: Oyerekezera! Ife tikakolola tinkamanga timisasa ta mapesi, kukunkha chimanga chotsalira, kusinja, kuphika nsima yeniyeni pa moto weniweni. Ine kuphika ndidaphunzira kumeneko, ndipo iwe ukudya zotsatira zake. Ndi kusewera, kapena kuphunzira? Ankaphunzitsa ndani, poti akuluakulu kunalibe? Phada adandiphunzitsa kuwerenga manambala ndisanaone choko. Fulaye, chipako, nguli, chibisalirano, zonse zili ndi mayina, ndipo mwana wa zaka zinayi amazisiyanitsa. Iwe wabwera ndi thumba limodzi loti uthiremo zonse.

Limbani: Thumbalo ndi la alendo, agogo, kuti wa ku Canada amve zimene tikunena. Mayina athu sakuchotsedwa. A ku Denmark udeskole sadalimasulire, dziko lidangoliphunzira. Masanje nawonso angayende choncho, titawalemba ndi kuwafotokoza bwino. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, imene idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ntchito yotere si yachilendo kwathu.

Agogo: Eya, tsopano walankhula ngati munthu woyamwa. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Iwo abwere ndi udesikole wawo, ife tibwere ndi masanje, tikhale pamphasa. Koma amene sadapsepo chala pa masanje asatanthauzire liwulo. Iwe udakulira pa simenti, mtengo woyamba kukwera unali bedi la pamwamba ku sekondale.

Limbani adatsegula pakamwa kuti atsutse, koma agogo adamukankhira lichero.

Agogo: Gwira apa, amuna anga, utong'ole. Uli panja, ukuphunzira, ine ndikuphunzitsa. Dzina lake ukalipeza undiuze. Za njerwa zija usaiwale, mvula ili pafupi.