Bokosi la abwana likumwa madzi

Okondedwa atsibweni,

 Ine kuno ndili bwino, chovuta n'chisanu cha June chokha. Cha kuno si chofanana ndi cha kwathu ku Malomo, m'mapiri a Ntchisi, chija chobwera ndi nkhungu. Cha Johannesburg n'chouma gwa, milomo ing'aluka ngati dambo la mu October, moti Vaseline ndikumamugula ngati ndiwo.

Nkhani ndi iyi. Ntchito yanga yakwera. Ndinabwera kudzasesa pabwalo ndi kudulira maluwa, koma tsopano ndine namwino wa bokosi.

Abwana anagula bokosilo kwa munthu amene analitopa nalo. Atalitsitsa m'galimoto ndinayesa ndi la maliro a mphaka wa a dona, mpaka ndinavula chipewa. Abwana akuti dzina lake ndi humidor, nyumba yogonamo ndudu zikuluzikulu zija amati cigar, zochokera ku Cuba, Nicaragua ndi Dominican Republic. Nduduzi si zamapepala ayi. Ndi masamba okhaokha, ena m'kati, lina lomangira, lina losalala lovekera kunja. Kunena mosabisa, ndi chingambwe chimene chinapita kusukulu. Mtengo wa imodzi sindikuuzani, mungazule fodya yense m'munda n'kudzala mtedza.

M'kati mwa bokosimo anayalamo thabwa lonunkhira lotchedwa Spanish cedar, lochokera m'maiko a ku America, osati mkungudza wathu wa pa Mulanje. Thabwali limamwa chinyezi n'kumachibweza pang'onopang'ono. Likakhala louma, monga linalili lathuli, limayamwa nduduzo mpaka kusweka ngati chigwada chofutsa. Ndiye lisanalandire alendo, liyenera kukhuta kaye.

Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Pofuna kusangalatsa abwana ndinatenga polishi wa pansi kuti m'katimo muwale. Anandipeza chala chili kale m'chitini. Kufuula kwake, agalu a nyumba zitatu anayankha. Akuti fodya amatenga fungo la chilichonse chimene wagona nacho. Apo sindinatsutse, pakuti ndinakumbukira chaka chija munasunga belo pafupi ndi chigubu cha parafini.

Tinayamba ndi kulinunkhiza ngati nsomba za pamsika, n'kufufuza chuku m'makona. Kenako analowetsamo tochi yoyaka, n'kutseka, kuti tione ngati kuwala kukutuluka m'mbali mwa chivundikiro. Sitinavutike kuzimitsa magetsi, anali atadzithimira okha. Kuwala sikunatuluke, bokosi linakhoza mayeso.

Madzi ake si a pampopi, akuti amenewo amasiya zoyera ndipo amabweretsa chuku. Ndi oyeretsedwa aja, ofanana ndi othira m'batire ya galimoto. Ine, munthu wobatizidwa, ndimamwa a pampopi. Tinathira m'kambale, n'kuika m'kati, n'kutseka. Thabwa silifuna kukhuthulira madzi, lingapindike. Lamulo n'lakuti masiku 14 osatsegulatsegula. Atsibweni, namwali wa m'tsimba salonderedwa chonchi. Abwana m'mawa uliwonse amabwera ndi kapu ya khofi, kuima, kuliyang'ana, n'kubwerera. Ine ndinauzidwa kuti ndikawaona akufuna kutsegula ndiziwaletsa. Zaka zonsezi kuno, aka n'koyamba kulipidwa chifukwa chokaniza mzungu.

Pachivundikiro pali kawotchi kosanena nthawi, kamanena chinyezi. Pofunika pake ndi pa 70, kutentha kwa chipinda kukhale pafupi ndi madigiri 21. Kukatentha kwambiri mazira a tizilombo ta fodya amaswa, ndipo timaboola ndudu ngati anankafumbwe m'nkhokwe.

Tsopano imvani pamene dzina la banja lathu linakwera. Masiku atakwana, nduduzo zitagonamo sabata, abwana anadandaula kuti kawotchi kakuti 63, choncho awonjezere madzi. Ndinapempha kugwira imodzi. Ndinaifinya pang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kuiika pakhutu. Inafewa n'kubwerera, osalira. Ndinati, "Bwana, fodyayu ali bwino. Mukathira madzi ena aola." Anaseka, amvekere wam'munda adziwa chiyani.

Sankadziwa kuti ndinaleredwa m'chigafa. Amene munkandidzutsa tambala woyamba ndinu, kuti titsitse fodya wa bale mame asanaume, tsamba lidakali lofewa. Mbama imene munandipatsa nditaphwanya ndawala ya masamba ouma masana ndimaimvabe kukazizira. Ndipo ndani saopa kubwezedwa belo ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo chifukwa chonyowa?

Abwana anati tiyese kawotchiko ndi mchere. Amadzaza mchere m'chitsekerero cha botolo, kudonthezera madzi kuti unyowe koma usasungunuke, n'kutsekera m'jumbo limodzi ndi kawotchi usiku wonse. Kolungama kayenera kuloza pa 75. Kutacha, kathuka kanaloza pa 68. Kabodza! Kankadya 7 yense ngati sikelo ya vendala wa soya. Abwana anayang'ana kawotchi, kuyang'ana zala zanga, n'kufunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndinati ku koleji ya ku Malomo, mphunzitsi wamkulu akadali moyo, ali ndi ngongole ya fetereza.

Kuyambira tsikulo alendo akabwera ndimaitanidwa ndi nsapato zamatope zomwe, kudzafinya ndudu anthu akuonerera. Malipiro sanakwere, koma anandipatsa imodzi ya Montecristo. Ndinaikoka ngati mmene timakokera yathu, utsi mpaka m'chifuwa, osadziwa kuti umathera m'kamwa. Ndinaona azigogo onse amene anatisiya, ena akundikodola. Theka lotsalalo ndidzakupatsirani, mudzasute mutakhala pansi.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru, nambala ili pa foni ya mlongo wanu. Mugule ziguduli ndi kulipira jeke yodindira mabelo, yotsalayo ndi ya sopo wa amayi, osati ya pa bawo. Abwana akupempha masamba angapo a chikopa kuti aone fodya wa kwathu. Mupatsire wa basi, koma chonde musakulunge pamodzi ndi usipa ngati mmene munachitira ndi ufa uja.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Joni.