Nsalu yosalawa madzi

Nsalu ya thonje ili ndi khalidwe limene wogulitsa sakuuzani. Poiwomba ku fakitale ulusi amaukoka zolimba, kenako amaithira sitachi kuti iume gwa, izioneka yapamwamba. Tsiku limene yakumana ndi madzi, ulusi uja umamasuka n'kubwerera mwakale, nsalu n'kufupika, makamaka m'litali. N'chifukwa chake telala wodziwa ntchito amati kainyikeni kaye, muiyanike, muisite, ndiye tidule. Koma ndani amamvera telala chinkhoswe chili Loweruka?

Bambo wina ku Ndirande anasoketsa malaya a chitenje mwa changu chotere. Pachinkhoswe anatchena, anthu n'kumuyamikira. Atachapidwa kamodzi, mabatani anayamba kukana. Mkazi wake anamuyang'ana pamimba nati, "Bambo, mwanenepatu." Bamboyo anachita mantha, n'kusiya mtanda wachitatu wa nsima kwa mwezi wathunthu. Mathalauza onse anayamba kukhwepa, malaya osasintha maganizo. Pano amene akuwavala ndi mlamu wake wa Fomu 2.

Nkhani ya layini ndiye yomvetsa chisoni. Nsalu yam'kati ija kawirikawiri imakhala ya poliyesitala, ndipo poliyesitala madzi sawaopa. Chitenje chikafupika, iyo imatsala pomwepo. Mayi wina akupita kutsogolo kukapereka chopereka, mnzake anamukoka dzanja n'kumunong'oneza, "Amayi, pitikoti watuluka." Iye osatembenuka n'komwe: "Ndi sitayilo ya ku Joni imeneyi, asisi." Akuti pofika Khirisimasi azimayi atatu a mumpingomo anali atakafunsa kwa telala ngati angawasokere yoteroyo.

Ndiye pali utoto. Chitenje chofiira chatsopano chikalowa m'beseni, madzi amakhala ngati mwapherapo nkhuku. Mnyamata wina wochemerera timu ya mpira ya Manoma, wosalola ngakhale kapu yofiira m'nyumba mwake, anapereka malaya ake oyera kuti mlongo wake amuchapire. Mlongoyo anawaphatikiza ndi chitenje chake chatsopano. M'mawa mwake ali pasiteji ya minibasi, kondakitala anamulonjera ndi ulemu wonse: "Achimwene, takulandirani ku Maule. Mwayamba pang'onopang'ono eti?"

Alipo amene amathira mchere m'madzi kuti utoto ugwire. Ine ndimati mcherewo usungireni ndiwo. Chapani chitenjecho pachokha, muzitaya madzi mpaka ayere, basi.

Wovutika pa zonsezi ndi telala wapakhonde, chifukwa mlandu umagwera iye. Mayi wina anafika pakhonde la sitolo ku Limbe atanyamula diresi m'manja, mkwiyo uli tho.

"Atelala, ndinakupatsani mamita anayi. Ina mwasokera ana anu eti?"

Telala anaimitsa makina ake a Singer, n'kutsegula kope la miyezo, n'kutenga tepi. Anayeza mayiyo, miyezo yomweija. Anayeza diresi, yaperewera.

"Mwaichapa kangati, mayi?"

"Kamodzi kokha, ndi madzi otentha kuti iyere bwino."

"Ndiye wakuberani ali kwanu komweko. Kafunseni beseni."

Vutoli si la kuno kokha. Ku America munthu wina dzina lake Sanford Cluett linamutopetsa mpaka anapanga njira yofupikitsiratu nsalu isanachoke ku fakitale, n'kuilembetsa mu 1930. Mpaka lero nsalu zambiri za jinzi ndi malaya zimadutsa m'makina otero. Koma chitenje cha pamsika sichibwera ndi kalata yonena kumene chadutsa, ndipo mukafunsa wogulitsa ngati chimasuluka, yankho ndi limodzi kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje: "Ichi ndi orijino, mayi."

Amene sanama pa nkhaniyi ndi wa kaunjika. Mtsikana wina pamsika wa Tsoka ku Lilongwe anatola bulauzi pamulu n'kufunsa ngati singafupike akaichapa.

"Iyi?" anatero mnyamatayo. "Inafupikira mzungu kale ku Ulaya, aunt. Mukuganiza kuti anaitayiranji?"