Mabwana Ayamba Kuyenda Wapansi

Loweruka lapitali, pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, mlamu wanga wina anandibaya pamimba ndi chala ngati akuyesa papaya pamsika. "Alamu, ichi n'chiyani? Bwerani muzidzathamanga nafe. Ife 4 koloko timakhala tadzuka." Ankanena zimenezi mbale ili m'manja: phiri la mpunga, ntchafu ziwiri za nkhuku, nyama ya mbuzi, ndi kakabichi pambali koti kazichitira umboni. Ndinangoti zikomo alamu, poti pamaso pa ankhoswe munthu sutukwana.

Mlamu wangayu ali m'gulu lija labuka mu Lilongwe muno, la mabwana othamanga mbandakucha. Kuti akathamange, amayamba waliza galimoto. Amanyamuka ku Area 47 n'kuyendetsa mpaka cha ku Bingu Stadium, mtunda umene ana a sukulu amaupondaponda tsiku lililonse akukukuta chimanga chootcha. Mafuta ake ndi omwe aja dalaivala anagonera pamzere usiku wonse. Akafika amaimika galimotoyo pamene oyenda pansi amadutsa, n'kutsika mmene amatsikira akuluakulu.

Tamuoneni. Tirakisuti yofiira yoti siinakhudzepo mulu wa kaunjika. Nsapato zobiriwira zowala, zoti ngakhale magetsi atazima mukhoza kusokera pansalu. Kansalu kotchinga thukuta kumutu, pamutu poti tsitsi linatsanzika kalekale. Foni yomangirira pamkono, timahedifoni m'makutu, botolo la madzi oviikamo mandimu ndi nkhaka, chifukwa madzi wamba akuti sasungunula mafuta. Kenako kujambulana. Chithunzi choyamba ndi cha gulu lonse, zala zili m'mwamba. Chachiwiri ndi cha nsapato zokhazokha zitazungulira. Chachitatu amabwereza chifukwa madamu ena atuluka ataphethira. Pofika pamenepa mphindi 20 zapita, thukuta silinaonekebe, koma pa WhatsApp dziko lonse ladziwa kale kuti anthu ali pankhondo. Kuwongola miyendo amachita atatsamira galimoto ndi manja onse awiri, moti tsiku lina anyamata a kabaza anaima n'kuyamba kuwathandiza kukankha.

Akati anyamuke, imatsogola ndi mimba, eni ake n'kumabwera pambuyo. Mitengo ya magetsi itatu yoyamba amathamangadi. Wachinayi kumayamba wefuwefu. Wachisanu wina amakumbukira kuti adokotala anamuuza kuti asamavutitse bondo, ndiye gulu lonse, mwa chikondi cha pa abale, limayamba kuyenda. Nkhani zake ndi za mapuloti, za dola, za simenti. Ikamakwana 8 koloko mudzawapeza onse pa kanyenya, matirakisuti atatsegula zipi, akuitanitsa mang'ina, tchipisi cha pachiwaya ndi ozizira, ati kubwezeretsa mphamvu.

Tiyeni tiwathandize masamu, poti ambiri mwa iwo ndi owerengera ndalama za anthu ena. Munthu wolemera makilogalamu 90 akathamanga kilomita imodzi amaotcha makalori pafupifupi 90. Akakakamira makilomita 3, ndiye kuti 270. Botolo limodzi laling'ono la mowa lili ndi makalori oyandikira 140. Mabotolo awiri okha, ngongole yonse yabwerera, mang'ina tisanawawerenge n'komwe. Ndipo kuti kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ichoke, pamafunika makalori pafupifupi 7,700. Kwa mlamu wanga ameneyo ndi ulendo wothamanga kuchoka ku Lilongwe mpaka kukafika ku Dedza. Ndipo ku Dedzako ndi kwawo kwa mbatata ya kachewere. Ndimamudziwa munthuyu, angabwereko atawonjezera.

Koma chimene chimandiwawa kwenikweni ndi kawotchi. Kawotchi kameneka kamawerenga mapazi, ndipo kanauza mabwana athu kuti munthu weniweni amaponda ka 10,000 patsiku.  Nambala imeneyi inatchuka ku Japan mu 1965, pamene kampani ina inkatsatsa kachipangizo kake kowerengera mapazi. A bungwe la zaumoyo la WHO amangoti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, basi, ngakhale ndi khasu. Koma kamuuzeni mlamu wanga. Munthu wosamvera mkazi wake, wosamvera abusa, wosamvera wapolisi wapamsewu, kawotchi kakanjenjemera amadzambatuka. Kanamuimiritsapo pakati pa ulaliki, mpingo n'kumaona ngati walapa. Ikakwana 11 koloko usiku mapazi ataperewera 600, amazungulira tebulo la pabalaza atavala kabudula wogonera, galu akumuyang'ana pazenera. Akatopa amakhala pa sofa n'kumapukusa mkono uku akuonera mpira, kawotchi n'kumamuyamikira kuti wachita bwino.

Pamsewu womwe mabwana amathamangawo, mbandakucha womwewo, pamadutsa mtundu wina wa anthu. Amachokera ku Mtandire, ku Mgona, ku Kauma, ku Chinsapo. Alonda oweruka, atsikana antchito opita kukawiritsa tiyi wa othamangawo, amayi osenza mabeseni a zitumbuwa mwana ali kumsana, abambo okankha njinga ya matumba a makala. Awa 10,000 amaikwanitsa tambala wachiwiri asanalire. Palibe amawajambula. Palibe amawapatsa mendulo. Dzina lawo ndi apansi, ndipo mvula ikagwa ndi omwe amathiridwa matope ndi galimoto za anthu ochokera kothamanga. Zaka zonsezi kuyenda wapansi kunali chitonzo. Munthu akakuona ukuyenda ankatsitsa galasi n'kufunsa mwachisoni kuti, "Galimoto ili kugalaja?" Lero kuyenda komweko kwavala tirakisuti, kwasanduka nzeru za anthu ophunzira, ndipo akutiphunzitsa ife amene nsapato zathu zimatha chidendene mbali imodzi.

Yesani kuthamanga m'misewu ya ku Area 10 mutavala malaya wamba ndi patapata. Simufika patali. Agalu kutsogolo, alonda pambuyo, wina wakuwa kale kuti wakuba. Kuthamanga m'tauni muno kumafuna yunifolomu. Kuwonda nakonso kuli ndi eni ake. Bwana akawonda, ali pa dayeti. Ine nditawonda, anthu ayamba kunong'onezana pa chitsime, azakhali akwera basi kuchokera kumudzi kudzandiona ndi maso awo, ndipo wina andilozera kwa sing'anga. Si ndi anthu omwewa amene ankatiuza kuti mimba ndi chizindikiro choti munthu wapeza bwino? Anaimanga ndi ndalama zambiri m'misonkhano ya kunyanja, lero akuigwetsa ndi ndalama zambirinso, ndipo maulendo onse awiri akutinyoza.

Kunena zoona, mantha awo ndi enieni. Shuga ndi BP zikutha anthu, ndipo mlamu wanga anayamba zonsezi atabwera koika mnzake wa ku ofesi amene anangogwa m'bafa. Adokotala anamuuza kuti ayende, achepetse mchere, achepetse mitanda ya nsima. Pa malangizo atatuwo anasankhapo amene amagulidwa m'sitolo.

Mwezi wathawu gulu lawo linayambitsa mpikisano: woponda mapazi ambiri alandira mbuzi. Mkulu wina, amene sitinamuonepo akukwera masitepe, anayamba kutsogola modabwitsa. 24,000 Lolemba, 27,000 Lachiwiri, ngakhale tsiku limene anthu anamuona ali m'ndege. Kawotchi kankati mtima wake ukugunda mwa mnyamata wa zaka 25. Anzake anayamba kumufunsa chinsinsi, iye n'kumati ndi kudziletsa basi. Mbuzi anaidya. Chinsinsi chinaululika sabata yotsatira, pamene manambala a bwanawo anagwa mwadzidzidzi kufika pa 40, mtima ukuthamanga usiku wonse. Gulu linasonkha ndalama, linagula zipatso, n'kuthamangira kunyumba kwake, pagalimoto ndithu, kukazonda matenda. Anamupeza ali pakhonde, wathanzi, akudya mtedza. Wodwala malungo anali mnyamata wosamalira maluwa, ali chigonere kwawo ku Mtandire, wotchi ya abwana ili pamkono.