Thukuta ndi Lathu, Makina ndi Awo

Padoko la ku Senga Bay injini ya Yamaha inali itagonekedwa pathumba, makaniko akuimasula, mwini boti ali chilili manja m'chiuno.

"Kachitsulo kochepa ngati aka, achimwene, akuti kachokere ku Lilongwe, komwenso akudikira kuti kafike kuchokera kunja. Alovi anga angokhala, ana awo adya chiyani?"

Mkulu wina amene ankasoka chilimira sanadzutse n'komwe mutu. "Mwanawe, ife timagulitsa thukuta n'kugula chitsulo. Zinayamba kale zimenezo."

Agogowa ananena zoona. Taonani zimene Malawi amatumiza kunja: fodya, tiyi, shuga, nandolo, thonje. Zambiri mwa izo n'zofuna manja ochuluka. Fodya, amene amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja, tsamba lililonse limathyoledwa, kusokedwa ndi kusankhidwa ndi zala za munthu. Zimene timagula ndi mafuta, feteleza, mankhwala ndi makina, zotuluka m'mafakitale a mpamba waukulu. Kuno waganyu sasowa ndipo malipiro ake ndi ochepa, koma ngongole ya kubanki chiwongoladzanja chake n'choboola m'thumba. Ku Japan, kwawo kwa Yamaha, wantchito ndiye wodula, n'chifukwa chake ntchito yambiri anaisiyira makina. Aliyense amagulitsa chimene ali nacho chambiri.

Mayi wina wogula usipa analowerera, akugwedeza nsonga ya chitenje chake. "Thonje timalima konkuno ku Salima, bambo, koma ichi chachokera ku China. Kwacha itagwa mu 2023, zakunja zonse zinakwera tsiku lomwelo. Mlimi wa thonje ndani anamukwezera tsiku lomwelo?"

Palibe anayankha. Kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chimenecho, ndipo padoko pano sanaiwale.

Komatu si kuti tinalembedwa choncho. Konkuno ku Salima kuli fakitale ya Malawi Mangoes, ndipo mango amene kale ankangowolera pansi pa mitengo tsopano amakonzedwa n'kugulitsidwa kunja. Manja othyola ndi omwe aja. Chasintha ndi makina basi.

Inu a boma ndi a mabanki, anthu ogwira ntchito kunyanja kuno alipo kale, ndipo ntchito amaidziwa. Apatseni ngongole yoti angathe kubweza, agulire makina owumitsira nsomba ndi owombera nsalu.