Fodya wa Pachala

Makolo athu, amene sanaonepo khomo la banki koma anaudziwa bwino ukali wa mwera, anatisiyira mawu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndipo ife a kuno ku Mangochi mawuwa tawasunga monga chilamulo cha Mose, kotero kuti munthu akagulitsa usipa wake pa Msaka kapena pa Makawa, ndalama amaigonera, osaionetsa ngakhale kwa mkazi wake.

Tsono tamvani, inu owerenga olemekezeka, zimene anachita anthu a ku London m'chaka cha 1868, zimene agogo athu akanazitcha misala. Anasonkha chuma chawo m'thumba limodzi lotchedwa Foreign and Colonial Government Trust, nalipereka m'manja mwa akapitawo owerengeka kuti akakongoze maboma monga a ku Egypt, Turkey ndi Brazil, maiko amene ambiri mwa eni ndalamawo sanawapondepo. Ndipo aliyense anabwerera kwawo ndi kapepala konena gawo lake, koti akhoza kukagulitsa pa msika wa masheya tsiku limene umphawi wamugogodera. Ameneyutu sanali fodya wa pachala chabe ayi, koma wa pachala cha mlendo, tsidya lija la nyanja yamchere! Mphepo inatengako ndithu, pakuti Turkey inalephera kubweza ngongole zake mu 1875, ndipo Egypt inatsatira chaka chinzake; koma popeza fodyayo anamwazidwa pa zala zambiri, thumbalo lilipo kufikira lero lino.

Nafenso tinakhalapo dziko lakutali la anthu ena, pamene amalonda a ku Glasgow anasonkha ndalama zawo mu 1878 nayambitsa kampani imene tinaitcha Mandala, ndipo sitima zake zinkadutsa mu Shire muno, pamaso pa Mfumu Mponda.

Thumba lathulathu, National Investment Trust, linalowa pa msika wa masheya wa ku Blantyre mu 2005, ndipo ndi mwana woleredwa bwino wosakonda kuyendayenda, pakuti limagula magawo m'makampani a konkuno monga National Bank ndi Illovo. Wofuna kuti ndalama yake iwoloke malire ali ndi FMB Capital Holdings, imene inalowa pa msikawo mu 2017, ndipo ili ndi mabanki ku Botswana, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe.

Kunyoza akuluakulu sindingayerekeze, koma mphepo ya masiku ano iwo sanaione. M'mwezi wa Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliyense, ndipo chimphepo chimenecho chinalowa m'mphuno momwe, nichitenga fodya amene tinkamuyesa wathu. Injini ya boti, ukonde wa chilimira ndi thumba la feteleza zonse zinakwera mtengo mwini ndalama ali chiigonere. Okhawo amene anaseka mwezi umenewo anali mabanja a ana awo ku Joni, pakuti randi yomwe ija inagula makwacha ochuluka koposa kale.