Ngozi ya ndege imene ndinachitira pamsewu

Anthu ena akachita ngozi ya ndege amakhala kuti anaulukako. Ine ndege ndinaiwononga matayala ake ali pangolo, injini ili zii, woyendetsa kulibe. Kwathu ku Kasungu amadziwa kuti ku Joni kuno ndine dalaivala wodalirika wa bwana wina wa pafamu, n'chifukwa chake nkhaniyi ndinkaibisa. Koma mwana wa mlongo wanga amene ndinali naye tsikulo wayamba kale kuifalitsa, akuithira nsinjiro, ndiye ndibwino muimve kwa mwiniwakene.

Bwana anagula kandege ka mtundu wa Kitfox kwa mdala wina kufupi ndi Johannesburg. Timandege timeneti anatiyambitsa ndi Dan Denney ku Idaho, m'dziko la America, mu 1984, ndipo amatigulitsa tili zidutswazidutswa kuti wogula akalumikize yekha. Kamakwera anthu awiri. Thupi lake ndi timapaipi tachitsulo towotcherera, mapiko ake ndi mapaipi a aluminiyamu ndi nthiti zamatabwa opyapyala, ndipo zonsezi amazikuta ndi nsalu n'kupaka penti. Mopanda munthu ndi mafuta sikafika makilogalamu 400. Chimene anthu amakakondera n'chakuti mapiko amapindika. Ukasolola kachitsulo kogwira phiko kutsogolo, phikolo limazungulira chakumbuyo n'kukagona m'mbali mwa thupi. Kandege kotambalala pafupifupi mamita 10 kamatsala kosafika mamita 2.5, kokwana bwinobwino pamsewu.

Chikalata chokaloleza kuuluka chinali chitatha ntchito, choncho kanayenera kudzera pansi: msewu wa N1, makilomita pafupifupi 200 mpaka ku Kroonstad, kenako msewu wafumbi wopita kufamu. Bwana anali ndi msika wa ng'ombe tsikulo.

"Mukwanitsa kodi?" anandifunsa.

Ndinaseka. Munthu amene ndakhala ndikututa mabelo a fodya palole kuchoka ku Kasungu mpaka ku okushoni ku Kanengo, osagwetsapo ngakhale limodzi, ndingalephere kachinthu kamene anyamata awiri angakakankhe?

Mdala wogulitsayo ataona ngolo imene ndinabwera nayo anapukusa mutu. Inali yonyamulira magalimoto, ya matayala anayi, masipuling'i ake olimba gwa. Anati ngolo yotere imafewa ikasenza matani awiri, koma ikanyamula chopepuka imangodumpha, ndipo bampu iliyonse imakathera m'thupi la ndege. Poti ina panalibe, tinakakweza chafutambuyo, mchira kuloza kugalimoto. Anapinda mapiko, n'kuwachirikiza ndi tizitsulo take, kenako anandiuza zinthu zinayi akuwerenga pazala. Petulo yense atsitsidwe, chifukwa matanki ali m'mapiko. Matabwa awiri okutidwa ndi kapeti apane chipsepse cha kumchira, chija chimakhotetsa ndege. Malamba agwire matayala okha. Liwiro lisapitirire 80. Atatero anathamangira kuchipatala ndi mayi akunyumba kwake, n'kutisiyira kiyi wa geti.

Apa m'pamene nzeru zanga zinayamba ntchito. Zigubu ndinaziiwala kufamu, ndipo kutayira pansi petulo pamtengo wa masiku ano ndinaona kuti n'kuchimwa. Ndinamusiya momwemo. Matabwa aja ndinaona kuti akukwana bwino kuseri kwa matayala, ndiye ndinawasandutsa mphiringidzo. Ndipo pofuna kuti mchira usagunde galimoto pokhota, ndinakankhira kandegeko kumapeto kwa ngolo, moti injini, imene ndi mbali yolemera, inakhala kumbuyo kwa matayala a ngolo.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi mapiko. Ukawagwedeza ankagwedezeka. Katundu wogwedezeka sindinanyamulepo chibadwire. Ndinatenga lamba wamkulu, uja amakhwimitsa ndi chitsulo, n'kumudutsitsa pamwamba pa mapiko onse awiri. Kwetche, kwetche, kwetche. Nsalu inalowa m'kati pang'ono. Kwetche. Kenako kanamveka kaphokoso kakang'ono, thyo, kwina kwake m'kati mwa phiko lakumanzere.

"Amalume, chathyoka chinachake," anatero mnyamata uja.

"Chikukhazikika chimenecho. Iwe kwera."

Pa tologeti ya Grasmere ndinali mfumu. Anthu ankatsitsa magalasi n'kumajambula pafoni. Mayi wolandira ndalama anafunsa ngati ndimaiyendetsa ndekha, ine n'kungomwetulira ngati munthu wosafuna kudzitama. Ulemu umenewu unatsikira kuphazi. Zikwangwani zinkati 120, magalimoto ankatipitirira, ndipo ndinayamba kuona kuti 80 ndi liwiro la nkhalamba.

Titawoloka mtsinje wa Vaal kulowa mu Free State, tinakumana ndi mphepo ya mu August. Kumeneko kulibe phiri kapena nkhalango yotchinga. Minda ya chimanga imakhala itakololedwa, mphepo n'kumangodutsa ndi fumbi lake lofiira. Thiraki ina yaitali inatidutsa, ndipo mphepo yake inatikankha kaye, kenako n'kutikoka. Ngolo inayamba kuvina. Ikapita kumanja, galimoto kumanzere. Ngolo yopepuka kutsogolo imatero, ndipo ine ndimadziwa zimenezi kuyambira kale, kungoti tsikulo ndinaganiza kuti ndege ili ndi malamulo ena. Pagalasi ndinkaona chipsepse chija chikumenyeka uku ndi uku, pha! pha! Anachipanga kuti mphepo izichidzera kutsogolo, koma ine ndinali kuchiyendetsa chafutambuyo, chopanda chochigwira.

Mnyamata uja anayamba kupemphera mokweza, mpaka kutchula machimo ena amene mayi ake sakuwadziwa. Ndinachotsa phazi pang'onopang'ono osaponda buleki, ndipo ngolo inaleka kuvina. Titaima m'mbali mwa msewu, fungo la petulo linatilonjera. Phiko likapindidwa thanki imapendekeka, ndiye mafuta ankatulukira pakabowo ka mpweya ka pachitsekerero, n'kumayenderera pansalu mpaka kudontha pangolo. Mnyamatayo, manja akunjenjemera, anatulutsa ndudu kuti akhazikitse mtima pansi. Khofi limene ndinamenya dzanja lakelo ndi chinthu chokhacho chanzeru chimene ndinachita tsiku lonse.

Wapolisi wa pamsewu anaima, n'kuzungulira ngolo kawiri. Anayeza m'lifupi ndi maso, anaona magetsi ndi nambala, kenako anafunsa ngati tagwa kuchokera kumwamba. Nditati ayi, anatiuza kuti tisachoke mpaka mafuta aleke kudontha. Tinadikira padzuwa, ine n'kumayenda wapansi kukapempha zigubu pafamu ina. Petulo amene ndinkamuumira uja, wambiri anali atamwedwa ndi phula.

Chotsala chinali msewu wafumbi, uja wa mabampu ang'onoang'ono ondondozana. Ngakhale ndinkayenda pang'onopang'ono, ngolo inkangonjanja. Tisanafike pageti, chitsulo chogwira katayala ka kumchira chinathyoka, mchira n'kukhala pansi.

Bwana anatuluka ndi kapu ya khofi m'manja, nkhope ili mwee. Anazungulira kamodzi. Anaika chala pamene lamba anadutsa, chala n'kulowa. Sanakalipe. Anangondifunsa modekha kuti, "Bambo, mdala uja sanakuuzeni chilichonse?" Ndikanakonda akanandikalipira.

Makaniko wa ndege atabwera anang'amba nsalu n'kutionetsa nthiti zothyoka, mahinjesi a chipsepse atapindika, ndi penti itatupa monse munadutsa mafuta. Anati ndege amaipanga kuti ilimbe kumene mphepo imaikankha pouluka, kwina konseko amaipepuza mpaka pomaliza. Phiko limene limanyamula anthu awiri m'mwamba likhoza kubooka ndi chigongono. Kandegeko kanakhala m'shedi mpaka mvula inagwa, kakudikira nthiti ndi nsalu zatsopano. Ntchito sanandichotse, koma bonasi ya Khirisimasi ndinangoimvera kwa anzanga, ndipo pafamu ponse tsopano amanditchula kuti Kaputeni.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine kufunsa sindinafunikire n'komwe, anachita kundiuza, zala n'kuwerenga. Inu abale amene muli pa maganyu ku Joni kuno, bwana akadzakutumani katundu amene simunanyamulepo, siyani kaye zimene mumadziwa, mumvere mwini katunduyo. Ikakhala ndege, tsitsani mafuta, panani chipsepse, mangani matayala okha, ndipo kulemera kukhale chakutsogolo kwa ngolo. Mapikowo asiyeni agwedezeke.