Mphwanga Amene Anafuna Kuti Tiziyang'ana Phiri

Aliyense wa m'dziko muno amene anakwerapo basi yochoka ku Lilongwe kunka ku Blantyre amanena molimba mtima kuti Ntcheu amaidziwa, koma mukamufunsitsa kuti anaidziwa motani, mudzapeza kuti anaidziwira pa zenera, dzanja lina litagwira ndalama, linalo likulandira jumbo ya mbatatesi pa Lizulu kapena kabichi pa mphambano ya Tsangano, basi itayamba kale kusuntha, mnyamata wogulitsa akuithamangira ndi chenji chimene kawirikawiri chimatopera panjira. Ife eni dera tinazolowera kudutsidwa. Namalenga anatiika pakati pa mizinda iwiri ikuluikulu, kotero kuti munthu amaima kuno chifukwa cha njala kapena chikhodzodzo, osati chifukwa analota Ntcheu usiku. Nyanja anaipereka kwa anansi athu a ku Mangochi ndi ku Salima, natisiyira ife mapiri, chisanu cha mu June ndi mbatata ya kachewere. Ndipo popeza akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ife tinadziwa kukazinga chipisi.

Tsono kunachitika kuti mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anapita ku South Korea kukaphunzira za makina, anabwerako ndi mtima wofuna kutembenuza fuko lake. Mnyamatayu anakhala ku Busan, mzinda wachiwiri pa kukula m'dzikomo, wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo atabwera panalibe nsima imene tinadya mwamtendere, pakuti mbamu iliyonse inkatsagana ndi ulaliki. Anatiuza za mchenga wa ku Haeundae, kumene anthu amakagona padzuwa ngakhale sakudwala malungo. Za msika wa Jagalchi, kumene amayi amakugulitsa nsomba ikadali yamoyo, ena nakukonzera pomwepo kuti udye, nthawi zina isanaone ndi moto womwe. Ndiponso za mlatho wa Gwangan, umene usiku amauyatsa nyali zamitundumitundu kuti anthu azingouyang'ana. Koma chimene chinamulowa mumtima ndi mudzi wa Gamcheon, umene anthu osauka anaumanga motsetsereka pa phiri m'masiku a nkhondo ya 1950 mpaka 1953 ndi pambuyo pake, umene lero, nyumba zake zitapakidwa utoto, alendo amachokera kutali kudzaujambula. "Malume," anatero iye, "ngati anzathuwo anagulitsa umphawi wao wa pa phiri, ife tilekerenji, pokhala mapiri tili nawo, ndi umphawi womwe?"

Anachita lendi kachipinda pa Boma, nakapaka njereza, naboola zenera lalikulu loyang'ana phiri la Ntcheu, ndipo mipando anaiyala mwa dongosolo lachilendo, yonse yofulatira msewu, kuti munthu akhale yekha ndi kapu yake ya khofi nasinkhesinkhe za moyo. Apa ndi pamene anayambira kusokera, pakuti pa Ntcheu munthu safulatira msewu. Msewu ndiwo nyuzipepala yathu, ndipo amene amakhala mu tiyirumu amakhaliramo kuti aone amene watsika minibasi, chimene wanyamula, ndi chifukwa chimene mkazi wa uje wabwerera ku Joni wopanda mwamuna wake. Komanso tiyi wa kwathu ali ndi malamulo ake, osalembedwa koma osaphwanyika: kapu ikhale yaikulu yoti nkhope ibisikemo, mkaka uoneke, shuga athire mwini ndalama osati mwini nyumba, ndipo sikono kapena mandasi akhale oti munthu akadya m'mawa afike nawo madzulo. Chotero pamene mkulu wina wa mpingo analandira kakapu ka khofi wakuda bii, wowawa, pa mtengo wa mbale ya nsima ya nyama ya mbuzi, anakayang'ana nthawi yaitali, nafunsa ndi ulemu wonse kuti, "Mwanawe, kolawa ndakaona, nanga tiyi weniweniyo abwera nthawi yanji?"

Komabe chimene chinagwetsa ntchitoyi si mtengo ayi, koma chifundo cha anthu athu. Mphunzitsi wina wachinyamata, amene analandira chiphunzitso cha ku Busan ndi mtima wonse, analowa tsiku lina, nakhala yekha pa zenera, atagwira tsaya, maso ali ku phiri. Pasanapite nthawi anadutsa mayi wina wa Chigwirizano, nasuzumira, naona munthu ali duu, ndipo popeza kwathu munthu wokhala yekha n'kumayang'ana phiri ndiye kuti waferedwa, wachotsedwa ntchito kapena mkazi wamuthawa, mayiyo analowa, nanyonyomala pambali pake, nati, "Pepanitu aphunzitsi, ife sitinamve, zachitika liti?" Mphunzitsiyo poyankha kuti panalibe kanthu, kuti ankangopumitsa mutu, anangoonjezera chisoni, pakuti mayiyo anapukusa mutu nati, "Limbani mtima, bambo, musabise, tonsefe tinadutsamo." Pofika madzulo mbiri inali itafika pa Kampepuza, ndipo m'mawa mwake taonani, khamu la anthu lili pakhomo pa mphunzitsi ndi ufa ndi nkhuni, mkazi wake, amene zinamveka kuti wathawa, ndiye anawatsegulira chitseko. Chiyambire tsikulo palibe munthu wa banja lake amene analimbanso mtima kukhala pa zenera lija.

Mphwanga sanafooke, koma anati tsopano aziperekeza alendo kukaona malo. Ndipo pamenepa ndiyenera kumuchitira umboni kuti zoti munthu aone zilipo, zoposa zimene eni akefe timaziwerengera. Kuli manda a Inkosi Gomani Chikuse, amene asilikali a Angerezi anawapha m'chaka cha 1896, kumene Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano, ngoma ikuvinidwa, zishango zili m'manja, nthaka ikunjenjemera. Kuli Nzama, kumene ansembe a Montfort anakhazika mishoni yao m'chaka cha 1901, ndipo kuli damu la Mpira m'nkhalango ya Mvai, limene madzi ake amamwedwa mpaka ku Balaka. Pa Lizulu pali chodabwitsa chimene a ku Busan sangachigule ndi ndalama, chakuti munthu amagula tomato ku Malawi, nawoloka msewu kukamwa mowa ku Mozambique wopanda pasipoti, nabwerera kwao madzulo atayenda maiko awiri, ngakhale kuti ulendo wobwererawo miyendo imauyenda mokhotakhota.

Vuto n'lakuti kwathu munthu sayenda wopanda chifukwa. Amene afika m'mudzi nanena kuti wangobwera kudzaona, amafunsidwa kuti wadzaona yani. Akati wadzaona malo, anyakwawa amaitanitsa nduna zao, pakuti woona malo ndiye wofuna kugula, kapena wa boma wofuna kudutsitsa msewu pa dimba la munthu. Alendo ena a ku Lilongwe amene mphwanga anapita nawo kukajambula thanthwe lokongola, osayamba wadzera kwa mfumu, anakhazikidwa pa mphasa kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, akulumbira kuti m'thanthwemo sanaonemo miyala ya mtengo wapatali, ndipo anawamasula atasiya ya nkhuku. Safunsa anadya phula.

Za malo ogona ndinena mwachidule, chifukwa zambiri za nkhani zake siziyenera kulembedwa pamene ana amawerenga. Ku Busan, akutero mphwanga, kuli nyumba zosambiramo zotchedwa jjimjilbang, kumene anthu osadziwana amavala zovala zofanana nagona pansi pofunda m'chipinda chimodzi, popanda wofunsa mnzake kumene achokera. Kwathu munthu wolemekezeka akalowa pa resitihausi dzuwa likadali m'mwamba, mnyamata wa pa kauntala amamufunsa, maso ali pansi, ngati akufuna mpaka mawa kapena kungopumula, ndipo yankho lililonse limene angapereke lidzafika ku mpingo kwake iye asanavule nsapato. M'chipinda adzapezamo neti ya zibowo zoti udzudzu ulowe osawerama, sopo wodulidwa ndi lezala, ndi ndowa ya madzi ofunda imene imafika munthu atasiya kale kuiyembekeza. Pakhoma pali malamulo oletsa kuchapa, kuphika ndi kuchita phokoso, ndipo kuseri kwa khoma lomwelo kuli bala imene imatseka atambala akalira. Koma choopsa chenicheni ndi abale. Munthu wa magazi athu akagona pa resitihausi pamene ali ndi azakhali pa mtunda wa makilomita 20, ndiye kuti wawatukwana, wawanena kuti ndi mfiti kapena kuti m'nyumba mwao muli nsikidzi, ndipo mlandu wake umadzatukulidwa pa maliro zaka zitapita. Motero alendo amene mphwanga ankayembekeza kuti adzalipira chipinda onse anapezeka kuti ali ndi achibale, ndipo amene analibe, tinawapezera.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, anatero akale, ndipo sindikana kuti mnyamatayu anabwera nako. Chimene sanafufuze n'chakuti ndani mwa ife anali wokonzeka kumetedwa. Kachipinda kaja kadakalipo, ndipo malonda akuyenda bwino ndithu. Mipando anaitembenuzira ku msewu, pakhonde anaikapo chiwaya, ndipo makina a khofi amene anadya ndalama zake zonse anawafunditsa kansalu koluka, anthu amaikapo mafoni pochajitsa. Pa zenera lalikulu lija anamatapo mapepala a mitengo ya chipisi, mazira ndi zigege, kotero kuti phiri limaoneka pang'ono chabe, m'mipata.

Tsono inu owerenga, ngati mufuna kudzaona Ntcheu, bwerani, tidzakulandirani ndi manja awiri ndipo simudzagona ndi njala. Koma mudzabwere ndi dzina la munthu amene mwadzamuona, mudzayambe mwalonjera mfumu musanatulutse foni, ndipo mukafuna kuyang'ana phiri, mudzakhale awiriawiri, ndipo muziseka mokweza kuti odutsa amve.